Ndani ankayankhulira amayi a ku Syria?

Mu April 2017 maso a dziko lonse adali pa tawuni ya Khan Shaykhun ku Syria, kumene anthu ambiri adafa ndi mpweya wa poizoni, komanso pa mizinga imene America idaponya pobwezera. M'mwezi womwewo ku Damascus, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, Bashar al-Assad, adasainira lamulo lothetsa bungwe la General Union of Syrian Women. Bungweli lidali litatha zaka 50. Lidali ndi nthambi m'zigawo zonse 14 za dzikolo, lidali ndi nyumba zake, sukulu zake zamkaka ndi magazini yake, ndipo zaka zonsezo boma linkati pakamwa pa amayi a ku Syria ndi pomwepo basi. Siginecha imodzi idakwanira kulithetsa, ntchito zake n'kugawidwa ku maofesi ena a boma.

Bungwe lalikulu chotere silifa imfa yophweka chonchi popanda chifukwa, ndipo chifukwacho chili m'kabadwidwe kake. Wofuna kumvetsa zimene mabungwe a amayi akwanitsa ndi zimene alephera ku Syria ayambe wafunsa kuti mwini bungwe adali ndani, nanga kaundula wa ololedwa kuyankhula ankamusunga ndani.

Chipani chisanabwere

Amayi a ku Syria sadadikire chipani cha Baath, chimene chidadzalamulira dzikolo, kuti chiwasonkhanitse. Mu 1910, dzikoli lili m'manja mwa ufumu wa Ottoman, Mary Ajami wa ku Damascus adayambitsa magazini ya amayi yotchedwa al-Arus. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, Nazik al-Abid, mwana wa m'banja lolemera la mumzinda womwewo, adakhazikitsa gulu la Nur al-Fayha lophunzitsa atsikana, ndiponso gulu lothandiza ovulala lotchedwa Red Star. Mu April 1920, msonkhano umene unkalemba malamulo oyendetsera dziko latsopanolo udakambirana zoti amayi nawo azivota. Adakangana osamaliza. Mu July chaka chomwecho asilikali a France adagonjetsa a Syria ku Maysalun, ndipo nkhani ya voti idakwiririka mpaka 1949, pamene amayi okhawo amene adali ndi satifiketi ya ku pulayimale adaloledwa kuvota. Enawo adadikira mpaka 1953.

M'nthawi ya ulamuliro wa France dzina lomveka lidali la Adila Bayhum al-Jazairi, amene adali pakati pa oyambitsa sukulu ya atsikana ya Dawhat al-Adab ndipo adatsogolera mgwirizano wa magulu a amayi kuyambira 1933. Mu 1948 kudabadwanso Syrian Women's League, gulu loyandikana ndi chipani cha Chikomyunizimu, limene tikumana nalo kutsogoloku.

Magulu amenewa adali ndi chilema chimodzi choonekeratu. Ambiri adali a m'tawuni, otsogoleredwa ndi akazi ndi ana a anthu otchuka. Mayi wokolola thonje ku Raqqa kapena wolima tirigu ku Hauran sankawadziwa n'komwe. Mpata umenewu ndi umene chipani cha Baath chidalowerapo.

Bungwe limodzi la amayi onse

Baath idalanda boma mu March 1963. Atsogoleri ake ambiri adali asilikali ndi aphunzitsi ochokera kumidzi ndi m'matawuni ang'onoang'ono, ndipo sankawakhulupirira mabanja akale a ku Damascus ndi Aleppo. Njira yawo idali yopatsa gulu lililonse la anthu bungwe limodzi lolumikizika ku chipani: ogwira ntchito lawo, alimi lawo, ophunzira lawo, achinyamata lawo. La amayi lidabwera mu 1967, ndipo lamulo la mu 1975 lidalikhazikitsa bwinobwino monga woyang'anira zochitika za amayi m'dziko lonse. Ndalama zinkachokera ku boma, ndipo palibe amene ankakwera pampando chipani chisanavomere. Amene adakula m'nthawi ya chipani chimodzi ku Malawi, n'kuona ligi ya amayi a MCP ndi CCAM ya m'ma 1980, sangavutike kuzindikira kaumbidwe kake.

Kunena kuti bungweli silidachite kanthu kungakhale kunama. Lidatsegula makalasi ophunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba m'midzi imene mayi wopita kusukulu adali chinthu chachilendo. Lidaphunzitsa kusoka, kuluka ndi kutayipa. Linkayenda ndi uthenga wa katemera, wa uchembere wabwino ndi wa kulera. Koposa zonse lidali ndi sukulu zamkaka zotsika mtengo, ndipo kwa mphunzitsi kapena kalaliki wa m'boma amene ali ndi mwana wa zaka zitatu, malo omusiyapo mwanayo m'mawa ndiwo ankagamula ngati apitiriza ntchito kapena abwerera kukhitchini. Ziwerengero za nthawiyo zikuonetsa kusintha kwenikweni. Mu 1981 amayi pafupifupi 37 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankadziwa kuwerenga. Pofika 2004 adali atapitirira 70. Mayi mmodzi m'ma 1970 ankabereka ana oposa 7, koma pofika 2010 chiwerengerocho chidatsikira pakati pa 3 ndi 4. Gawo lalikulu la kusinthaku lidabwera ndi sukulu zaulere ndi zipatala za boma, osati bungwe lokha, komabe amayi a bungwelo ndi amene ankagogoda pamakomo.

Kumtunda nako kudaoneka nkhope za amayi. Ndime 45 ya malamulo oyendetsera dziko a mu 1973 idalonjeza kuti boma lichotsa zopinga zonse zolepheretsa amayi kutenga mbali pa moyo wa dziko. Najah al-Attar adakhala nduna ya zachikhalidwe mu 1976, mayi woyamba kukhala nduna ku Syria, ndipo mu 2006 adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. M'zaka za m'ma 2000, mwa aphungu 250 a nyumba ya malamulo, pafupifupi 30 adali amayi. Pamisonkhano ya kunja nthumwi za Syria zinkanyadira ziwerengero zimenezi. Chimene sizinkakonda kutchula n'chakuti nkhondo ya pachiweniweni isanayambe mu 2011, amayi amene ankawerengedwa kuti ali pantchito sankafika ngakhale mmodzi mwa asanu, ndiponso kuti nyumba ya malamuloyo inkangovomereza zimene yatumiziridwa.

Pamene bungwe linkalekezera

Chala sichiloza mwini. Mavuto aakulu a mayi wa ku Syria adali olembedwa m'malamulo a boma lomwelo limene linkalipira bungwe la amayi, ndipo malamulo atatu ndiwo adali pachimake.

Loyamba ndi lamulo la za banja la mu 1953, lotengedwa kwambiri ku malamulo a Chisilamu. Ku Syria kulibe ukwati womangitsa kwa boma popanda chipembedzo. Asilamu amapita ku makhoti a sharia, Akhristu ku makhoti a mipingo yawo, a chipembedzo cha Druze ku khoti lawo. Pansi pa lamuloli mwamuna ankatha kuthetsa banja payekha, pamene mkazi ankayenera kukapempha kwa woweruza ndi zifukwa. Mitala idali yololedwa. Pa chuma cha masiye mwana wamkazi ankalandira theka la gawo la mlongo wake. Zaka zokwatiwira zidali 17, koma woweruza ankatha kuloleza mtsikana wa zaka 13. Banja likatha mayi ankasunga ana mpaka msinkhu woikika, koma mphamvu yowagamulira zinthu zikuluzikulu, monga ulendo wa kunja kwa dziko, inkatsala kwa bambo kapena kwa abale ake aamuna.

Lachiwiri ndi lamulo la unzika la mu 1969. Mwana amatenga unzika wa Syria kwa bambo. Mayi wa ku Syria wokwatiwa ndi mlendo ankabereka ana amene m'dziko la mayi wawo ndi alendo, ofunika chilolezo chokhalira ndi chogwirira ntchito. Akuluakulu ankazemba ponena kuti kusintha lamuloli kungasokoneze nkhani ya Apalestina othawa kwawo, amene akuyenera kudzabwerera. Padalinso nkhani ina imene sankaitchula mokweza, ya Akurdi a m'chigawo cha Hasakah pafupifupi 120,000 amene adalandidwa unzika pa kalembera wa mu 1962, pamodzi ndi zidzukulu zawo.

Lachitatu ndi ndime 548 ya malamulo a milandu. Mwamuna wopeza mkazi wake, mlongo wake, mwana wake kapena mayi ake akuchita chigololo, n'kumupha pomwepo, ankamasulidwa osalangidwa. Akangowapeza m'njira yokayikitsa, chilango chinkachepetsedwa. Ndime ina, 508, inkamasula wogwiririra akakwatira mkazi amene wamugwiririrayo.

Malamulo ena adakonzedwako pang'ono, monga mu 1975 ndi mu 2003 pamene zaka zoti mayi asunge ana zidawonjezedwa, ndipo bungwe la boma lidali m'gulu la opempha zoterezi. Koma linkapempha ngati mwana wa m'nyumba, ndipo likauzidwa kuti nthawi sinakwane linkakhala pansi. Boma la Baath, makamaka litatha kulimbana ndi gulu la Chisilamu la Muslim Brotherhood kumene kudathera pa kupha anthu masauzande ku Hama mu 1982, lidasankha kusayambana ndi atsogoleri a chipembedzo pa nkhani za m'banja. Ndale zidali za chipani, za m'nyumba zidasiyidwa kwa mashehe ndi ansembe, ndipo amayi ndi amene adalipira mtengo wa mgwirizano wosalembedwawo. Syria itasaina pangano la United Nations lothetsa tsankho kwa amayi la CEDAW mu 2003, idakana ndime zokhudza unzika wa ana, ukwati ndi ufulu wosankha kokhala, kutanthauza ndime zomwezo zimene zikadasintha zinthu.

Pali chochitika china chimene chidavulaza nkhani ya ufulu wa amayi kwa nthawi yaitali, ngakhale sichidachitidwe ndi bungwe la amayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 atsikana ophunzitsidwa usilikali pansi pa Rifaat al-Assad, mng'ono wa mtsogoleri wa dziko, adalowa m'misewu ya Damascus n'kumavula amayi mipango ya kumutu mokakamiza. Mtsogoleriyo, Hafez al-Assad, bambo wa Bashar, adadzudzula zimenezi poyera, koma chilonda chidatsala. Kwa mabanja ambiri opembedza, mawu oti kumasula amayi adayamba kumveka ngati chilankhulo cha boma lankhanza, ndipo aliyense wodzawatchula pambuyo pake ankayamba wadziyeretsa kuti si wa boma.

Amene ankagwira ntchito opanda chiphaso

Apa ndi pamene kukhalapo kwa bungwe limodzi kudasanduka chopinga. Lamulo la mabungwe la mu 1958 limapatsa unduna wa zosamalira anthu ndi ntchito mphamvu yopereka kapena kukana chiphaso. Gulu la amayi likabwera kudzalembetsa, yankho lidali lokonzeratu: ntchito imene mukufunayo ilipo kale amene akuigwira. Motero magulu odziyimira paokha ankakhala m'malere, osaloledwa koma osamangidwa, podziwa kuti tsiku lililonse a zachitetezo akhoza kuitana.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito yolimbana ndi malamulo aja idagwiridwa kwambiri ndi magulu osalembetsedwawa. Syrian Women's League idatenga nkhani ya unzika n'kuifikitsa ku nyumba ya malamulo mu 2004, itasonkhanitsa masiginecha. Lamulo silidasinthe, ndipo mu 2007 unduna udalengeza kuti gululi likugwira ntchito mosaloledwa, ngakhale lidali lakale kuposa lamulo limene ankaligwiritsa ntchito polikaniza. Chaka chomwecho gulu lina laling'ono la Social Initiative, limene linkafunsa amayi maganizo awo pa lamulo la za banja, lidathetsedwa alaliki ena atalidzudzula m'mizikiti.

Mu 2005 tsamba la pa intaneti la Syrian Women Observatory, loyambitsidwa ndi mwamuna, Bassam al-Kadi, lidayamba kampeni yolimbana ndi kupha amayi m'dzina la ulemu wa banja. Lidayamba kulemba imfa iliyonse imene lamva, chinthu chimene nyuzipepala za boma zinkachizemba. Nkhani imene idagwedeza dziko ndi ya Zahra al-Azzo, mtsikana wa zaka 16 wochokera ku Hasakah. Adabedwa ndi kugwiriridwa, boma lidamusunga m'nyumba yosungira atsikana ku Damascus pomuteteza kwa abale ake, kenako adakwatiwa ndi msuweni wake amene ankafuna kumupulumutsa. Mu January 2007, patangopita milungu yochepa ukwati utachitika, mlongo wake adamubaya ali m'tulo. Mwamuna wake adakana kutsatira chizolowezi chokhululukira wakuphayo, nkhani idafika kukhoti, ndipo Mufti wamkulu wa dzikolo, mtsogoleri wa za Chisilamu, Ahmad Hassoun, adanena poyera kuti kupha kotere si Chisilamu. Mu 2009 ndime 548 idasinthidwa kuti wakupha azikhala m'ndende zaka zosachepera 2, ndipo mu 2011 zidakwezedwa kufika pakati pa 5 ndi 7.

Mu 2009 momwemo kudatuluka mwachinsinsi chikalata cha lamulo latsopano la za banja, lolembedwa ndi komiti imene anthu sankaidziwa. Lidali lobwerera m'mbuyo kuposa la mu 1953, ndipo lidasungabe zoti mtsikana wa zaka 13 akhoza kukwatiwa. Maloya, atolankhani, atsogoleri a mipingo ndi timagulu ta amayi tija adachita phokoso, makamaka pa intaneti, mpaka boma lidabweza chikalatacho. M'dziko limene zionetsero zinkatengera munthu kundende, kubweza kumeneko sikudali kwamasewera.

Bungwe la boma nalo lili ndi tsiku lake lolitamanda. Mu 2006 lidatulutsa, mothandizana ndi nthambi ya United Nations ya UNIFEM, kafukufuku woyamba wa nkhanza za m'banja, amene nyuzipepala zidalemba kuti adapeza mayi mmodzi mwa anayi okwatiwa adamenyedwapo. Gulu losalembetsedwa silikadaloledwa kuyenda m'makomo n'kumafunsa mafunso otere. Koma lamulo lapadera loletsa nkhanza za m'banja silidatsatire, ndipo mayi wothawa kumenyedwa ku Damascus kwa zaka zambiri ankathawira kwa masisitere a Good Shepherd, amene adali ndi nyumba yobisalamo ndi nambala ya foni yoimbapo. Mayi wachisilamu ndi wachikhristu onse ankalandiridwa.

M'zaka zomwezo makomo ena awiri adali otsegula. Limodzi lidali la Asma al-Assad, mkazi wa Bashar, amene adayambitsa FIRDOS mu 2001 yopereka ngongole zing'onozing'ono kumidzi, kenako MAWRED yothandiza amayi a bizinesi, n'kudzamanga ntchito zake pansi pa Syria Trust for Development mu 2007. Mabungwe ake ankayankhula chilankhulo chimene opereka thandizo a ku Ulaya amakonda, ndipo bungwe lakale la chipani lidayamba kuoneka lachikale. Khomo lina lidali la Qubaysiyat, gulu la amayi ophunzitsa Korani loyambitsidwa ndi Munira al-Qubaysi, limene mu 2006 lidaloledwa kuphunzitsa m'mizikiti. Lidali ndi otsatira ochuluka ndi sukulu zake, ndipo ndale silinkazikhudza. Ndicho chifukwa chake linkaloledwa.

Nkhondo

Kuyambira 2011 funso loti ndani ali ndi chiphaso lidatha ntchito m'madera onse amene boma lidachokamo. United Nations idawerengera kuti anthu wamba oposa 306,000 adaphedwa m'zaka 10 zoyambirira, anthu oposa 13 miliyoni adathawa m'nyumba zawo, ndipo osowa, ambiri mwa iwo amuna amene adatengedwa ndi a zachitetezo, ndi oposa 100,000. Mabanja osawerengeka adatsala m'manja mwa amayi amene lamulo silinkawaona ngati mitu ya mabanja.

Taganizirani za mayi amene mwamuna wake adatengedwa pa rodibuloko mu 2013 ndipo sadamvekenso. Si wamasiye, chifukwa mtembo palibe. Nyumba ili m'dzina la mwamunayo, ndiye sangaigulitse. Pasipoti ya mwana ikufuna chilolezo cha bambo kapena cha abale a bambo. Kuti khoti linene kuti munthu wosowa pankhondo adafa, pamafunika zaka 4, ndipo kupempha chigamulo chimenecho kuli ngati kuvomera imfa imene mtima sunavomere, n'kumasulanso amene adamutenga. Ngati ukwati wawo udamangidwa ndi shehe m'dera la zigawenga osalembetsedwa kuboma, mwanayo alibe pepala lililonse, ndipo lamulo la mu 1969 lija likuti mayi sangamupatse unzika wake. Lamulo limene kale linkapweteka amayi ochepa okwatiwa ndi alendo lidayamba kuluma m'misasa yonse.

Magulu atsopano adamera pa mavuto amenewa. Mlembi Samar Yazbek adayambitsa Women Now for Development mu 2012 ali ku Paris, ndipo bungweli lidatsegula malo ophunzirira ku Eastern Ghouta, ku Idlib ndi m'chigwa cha Bekaa ku Lebanon. Ku Kafranbel, Ghalia Rahhal adasandutsa saluni yake kukhala malo a amayi otchedwa Mazaya mu 2013. Mndandanda wa maphunziro ukadaoneka wodziwika kwa mayi wa bungwe lakale lija: kuwerenga, kusoka, chithandizo choyamba kwa wovulala, kompyuta. Kusiyana kudali kwakuti m'chipinda chomwecho ankakambirananso za ukwati wa ana, za mapepala a nyumba ndi za kuimira mpando m'khonsolo ya dera. Adani adali mbali zonse. Ndege za boma zinkaponya mabomba, ndipo anthu a zida a m'deralo sankafuna amayi osonkhana. Malo a Mazaya adatenthedwa mu 2014. Ku Douma, loya Razan Zaitouneh ndi Samira al-Khalil, amene ankathandiza kutsegula malo a amayi m'tawuniyo, adabedwa pa 9 December 2013 pamodzi ndi anzawo awiri, ndipo mpaka lero sanaoneke. Ambiri amaloza gulu la Jaysh al-Islam limene linkalamulira tawuniyo, ilo limakana.

Gulu limene ine ndimaliona kuti lidasuntha chinthu cholemera kwambiri ndi Families for Freedom, loyambitsidwa mu 2017 ndi amayi amene abale awo adasowetsedwa. Mmodzi wa iwo ndi Fadwa Mahmoud, amene mwamuna wake Abdulaziz al-Khair ndi mwana wake Maher Tahan adasowa mu September 2012 akuchokera ku bwalo la ndege la Damascus. Amayiwa adayenda ndi basi yofiira yomatidwa zithunzi za osowa m'mizinda ya ku Ulaya, kuyambira ku London. Iwo pamodzi ndi magulu ena a mabanja ndi a opulumuka m'ndende adakankha mpaka mu June 2023 msonkhano waukulu wa United Nations udavomereza kukhazikitsa bungwe lapadera lofufuza osowa a ku Syria. Mayiko 83 adavomera, 11 adakana, 62 sadavote.

Ku zokambirana za mtendere nkhani idali yofooka. Mu 2016 nthumwi ya United Nations, Staffan de Mistura, idakhazikitsa komiti ya amayi 12 yoti iziilangiza. Amayi ena adaona ngati khomo latseguka, ena adati kulangiza kuli kunja kwa chipinda chimene zinthu zikugamulidwa. Syrian Women's Political Movement, lobadwa ku Paris mu 2017, lidafuna mipando yosachepera 30 mwa 100 paliponse, ndipo komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko ya mu 2019 idayandikira chiwerengerocho, koma komitiyo sidalembe kanthu. Padalinso vuto la ndalama. Magulu ambiri ankadalira thandizo la kunja la miyezi yowerengeka, ndipo zimene wopereka ndalama wakonda chaka chimenecho ndizo zinkakhala pulogalamu. Mwini watsopanoyu adali waulemu kuposa chipani, koma naye ankasankha nyimbo.

Kumpoto chakum'mawa kudachitika zosiyana. Gulu la amayi a Chikurdi la Yekîtiya Star, loyambika mobisa mu 2005 ndipo kuyambira 2016 lotchedwa Kongra Star, lidapeza mwayi wolemba malamulo pamene boma lidachoka m'deralo. Mu 2014 adaletsa mitala ndi ukwati wa osakwana zaka 18, adalamula kuti chuma cha masiye chizigawidwa mofanana, ndipo udindo uliwonse waukulu udayamba kukhala ndi apampando awiri, mwamuna ndi mkazi. Nyumba zotchedwa Mala Jin zinkalandira madandaulo a m'banja n'kuyesa kuyanjanitsa nkhani isanapite kukhoti. Palibe dera lina la Syria limene lidafika pamenepa. Komabe Kongra Star ndi yolumikizika kwambiri ku chipani cha Chikurdi cha PYD chimene chinkalamulira deralo, m'madera a Aluya monga Deir ez-Zor malamulowo sankatsatidwa mofanana, ndipo United Nations idalemba za atsikana aang'ono olowetsedwa usilikali kumeneko. Funso loti mayi wotsutsana ndi chipani akayankhulire kuti lidaliponso uko.

Ku Damascus, zinthu zimene amayi adazipempha zaka makumi zidabwera bungwe lawo litafa kale. Mu 2019 zaka zokwatirana zidakwezedwa kufika 18 kwa onse, ngakhale woweruza adasiyiridwa mphamvu yololeza wa zaka 15. Mu March 2020 ndime 548 idafafanizidwa yonse, koma ndime 192, yolola woweruza kuchepetsa chilango akaona kuti wolakwa adali ndi cholinga cholemekezeka, idatsala. Boma lomwelo panthawiyo linkasunga amayi m'ndende zimene ofufuza a United Nations adapezamo umboni wa kugwiririra ndi kuzunza, choncho si ambiri amene adawomba m'manja.

Assad atathawa

Pa 8 December 2024 Bashar al-Assad adathawira ku Moscow, ndipo zithunzi zoyamba zimene dziko lidaona zidali za amayi akufufuza mayina m'mapepala omwazika ku ndende ya Sednaya. Olamulira atsopano, otsogoleredwa ndi Ahmed al-Sharaa, adachokera ku gulu la Chisilamu la Hayat Tahrir al-Sham. Pasanathe milungu iwiri mneneri wawo, Obaida Arnaout, adanena kuti chibadwa cha mkazi sichigwirizana ndi maudindo ena monga a zachitetezo, ndipo anthu adakachita zionetsero pabwalo la Umayyad ku Damascus. Kudakhazikitsidwa ofesi yoona za amayi, koma mkulu wake Aisha al-Dibs adautsa mkwiyo atanena pa wailesi ya kanema kuti sapereka mpata kwa mabungwe osagwirizana ndi maganizo ake. Kwa amayi amene amakumbukira yankho la unduna la zaka zija, mawuwo sadali achilendo.

M'boma limene lidalengezedwa pa 29 March 2025, mwa nduna 23 mayi adali mmodzi, Hind Kabawat, Mkhristu amene adali wa mbali yotsutsa Assad. Unduna umene adapatsidwa ndi wa zosamalira anthu ndi ntchito, womwe uja wosunga kaundula wa mabungwe. Magulu ambiri amene ankagwirira ntchito ku Turkey, ku Lebanon ndi ku Ulaya adayamba kulembetsa ndi kuchita misonkhano poyera ku Damascus, chinthu chimene Syrian Women's League sidachilote. Nthawi yomweyo a Amnesty International adalemba mu July 2025 za amayi ndi atsikana osachepera 36 a Chialawi, gulu la chipembedzo limene banja la Assad limachokerako, amene adabedwa m'madera a m'mphepete mwa nyanja ndi apakati pa dziko, apolisi osachitapo kanthu kokwanira.

Malamulo ogwirizira oyendetsera dziko amene adasainidwa pa 13 March 2025 akulonjeza ufulu wa amayi wa maphunziro ndi ntchito, akuti malamulo a Chisilamu ndiwo gwero lalikulu la malamulo, ndipo akuti malamulo akale akhalabe mpaka nyumba ya malamulo itawasintha. Akalewo ndi la za banja la mu 1953, la mabungwe la mu 1958 ndi la unzika la mu 1969. Nyumba yoti iwasintheyo ili ndi mipando 210, ndipo 70 mwa iyo ndi yosankha mtsogoleri wa dziko yekha. Pa chisankho cha pa 5 October 2025, chimene adavota ndi makomiti osankhidwa osati anthu onse, mwa aphungu 119 amene adapambana, amayi adali 6.